Chaka Chomwe Asimbi Anapsereza Nsalu ya M'hotela

Dzina loti Asimbi analipeza kuntchito. Anali atagwira zaka khumi ndi zinayi m'chipinda chochapira cha hotela ina m'tauni, chipinda chapansi kuseri kwa khitchini kumene alendo safikako. Munali makina awiri ochapira olira ngati ndege ikafuna kunyamuka, matebulo atatu ositirapo, ndi windo limodzi la m'mwamba loonetsa miyendo yokha ya anthu odutsa panja. Antchito ankabwera ndi kupita, koma wosita zovala za alendo olemekezeka anali mmodzi yemweyo. Shati ikadutsa m'manja mwawo inkatuluka kolala ili njo, ndipo anzawo ankati mzere wa thalauzi losita mayi ameneyu ukhoza kudulira buledi. Anangoyamba kuwatchula Asimbi, dzina n'kukakamira.

Anali mayi wamfupi, wa tizipsera ta simbi pamkono, woseka mokweza mpaka ophika kukhitchini kusuzumira. Kwawo kunali kumapeto kwa msewu wafumbi, nyumba ya zipinda ziwiri ndi pabalaza, mpopi uli panja pafupi ndi chingwe choyanikira zovala. Amuna awo ankayendetsa basi ya maulendo ataliatali, ndipo msewu wonse unkawadziwa kuti Adalaiva. Anali munthu wa nkhani zosatha. Akabwera kuulendo ankasimba za apaulendo awo mowayerekeza mawu ndi mayendedwe, Asimbi n'kumagwira nthiti. Ana anali awiri, onse aakazi. Wamkulu ankangomuti Chisamba poti ndiye anayamba kubadwa, ndipo anali m'kalasi yomaliza ya pulaimale. Wamng'ono, wa zaka zisanu ndi chimodzi, ankamuti Mzime.

M'mawa wina Adalaiva akumanga zingwe za nsapato kuti azipita kuntchito, anagwa chammbali ngati thumba. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anagonako milungu itatu, ndipo pobwerera kunyumba dzanja lamanja linali lende, mwendo ukukwakwaza pansi, mawu akutuluka limodzilimodzi movutikira. Munthu wa nkhani uja sankathanso kupempha madzi osapumira kawiri.

Mwezi woyamba abale anadzaza nyumba. Wachiwiri anayamba kuchepa, monga zimakhalira, aliyense ali ndi zake. Potsazika ankanena kuti pakafunika kanthu awauze, ndipo Asimbi ankayankha mofanana nthawi zonse, kuti ali bwino, asadandaule. Anakula akumva kuti mkazi weniweni mavuto a m'nyumba mwake sawayanika pachingwe, ndipo anazigwiritsa.

Ndiye zonse anazisenza okha. Ankadzuka kusanache, kutenthetsa madzi, kusambitsa amuna awo, kuwaveka, kuwadyetsa, kuphikiratu chamasana, kupesa Mzime, kenako kuthamangira minibasi. Kuntchito ankaima maola asanu ndi atatu m'nthunzi ya simbi. Madzulo ankapeza zochapa zikuwadikira. Adalaiva akati agwire supuni ndi dzanja lamanzere, Asimbi ankawalanda mwachifundo, amvekere adzithira, ndipo nthawi palibe. Ankawakhazika pampando wa pawindo, kuwafunditsa miyendo, n'kuwasiya pamenepo tsiku lonse akuyang'ana msewu.

Thupi linayamba kudandaula. Mutu unkawawa mbali imodzi ngati wina akukhomamo msomali. Tulo tinathawa. Mtima unkagunda popanda chowaopsa, chakudya chonse chinkakoma ngati pepala. Anayamba kuiwala: makiyi, mchere, tsiku lina mpaka anapitirira siteji yawo ali m'maso. Ndipo anayamba kukalipa. Kapu ikasiyidwa pampando, mlandu. Mzime akataya pensulo, mlandu wa sabata yonse. Kale ana akamva geti likulira ankathamangira kukalandira chikwama, koma tsopano geti likalira nyumba inkangoti zii, Mzime n'kulowa pansi pa tebulo ndi chidole chake. Asimbi ankaziona, zinkawapweteka, ndipo kupwetekako kunkawakalipitsa kwambiri. Makope a ana anasiya kuwatsegula. Ankangofunsa ngati kusukulu kuli bwino, Chisamba n'kuvomera, nkhani n'kuthera pomwepo.

Mwezi wachisanu ndi chiwiri chidwalire Adalaiva, ku hotela kunali phwando la ukwati. Asimbi anapatsidwa nsalu yaikulu yoyera ya patebulo la akwati kuti asite. Anaiyala, anayendetsa simbi kawiri katatu, kenako maso awo anapita pawindo. Sakudziwa kuti anaima nthawi yaitali bwanji. Chinawadzidzimutsa ndi fungo. Ponyamula simbi, pakati pa nsalu panali chithunzi chake chenicheni, chofiirira, chosongoka kutsogolo. Zaka khumi ndi zinayi anali asanapserezepo ngakhale kampango. Anazimitsa simbi bwinobwino, anakhala pamulu wa matawulo, n'kuyamba kulira. Anayesa kusiya koma misozi inakana.

Kapitawo wa chipindacho anali mayi wamtali wosakonda zocheza, amene antchito ankamuopa kuposa mwini hotela. Anabwera, anayang'ana nsalu, anayang'ana Asimbi, n'kuuza ena onse kuti akapume panja. Anatembenuza nsalu ija uku ndi uku ngati telala.

"Apa tiikapo mtsuko wa maluwa, palibe mlendo aone," anatero Akapitawo. "Nanga inuyo tikuikani chiyani?"

Asimbi anati n'kutopa chabe, mawa adzakhala bwino. Akapitawo anakana. Anati akhala akuwaona miyezi yonseyi akuuma ngati chikuni, ndipo munthu wotopa chabe salira chotere chifukwa cha nsalu. Anawauza kuti atenge chikwama apite kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo mawa lake asaoneke kuntchito.

Asimbi anatuluka, koma kuchipatala sanapite. Anaganiza kuti mpata wapezeka woti akachape mabulangete. Anafika kunyumba dzuwa lisanafike pamutu, nthawi imene ana amakhala ali m'kalasi. Potsegula geti anapeza Chisamba ali pampopi, yunifolomu ali nayo m'thupi, akuchapa mabulangete omwewo. Pakhonde panali pokolopa kale. Mwanayo ataona amayi ake anaimirira, thovu lili m'manja.

Zinatuluka pang'onopang'ono. Kwa miyezi iwiri Chisamba ankathawa kusukulu nthawi yopuma ikakwana. Ankabwera kudzatembenuza bambo ake, kuwapatsa chakudya, kusesa ndi kuchapa, kenako n'kukatenga Mzime ngati akuchokera limodzi. M'chikwama mwake munali makalata atatu a aphunzitsi oitana makolo, onse osatsegula. Asimbi anamva magazi akukwera kumutu. Anavula silipasi n'kuikweza m'mwamba, akufunsa ngati akuvutikira mwana woti azikhala wantchito wa m'nyumba.

Chisamba sanathawe. "Ndimafuna mukamabwera muzipeza zonse zatha, kuti musamakalipe," anatero. "Ndimaopa kuti nanunso mugwa ngati ababa. Ndiye ife tidzakhala ndi ndani?"

Silipasi inatsika yokha. Nthawi yomweyo m'nyumba munamveka kugogoda. Anali Adalaiva, akumenya windo ndi dzanja lamanzere. Asimbi analowa msanga kuyesa akufuna kuchimbudzi, n'kuyamba kuwakonzera bulangete, koma iwo anakankha dzanja lawo. Milomo inalimbana nthawi yaitali, thukuta lili pamphumi, mpaka mawu anatuluka.

"Mayi a ana. Ine... sindinafe."

Anawonjezera ena movutikira, ndipo Asimbi anawatola limodzilimodzi. Ankatanthauza kuti za mwanayo ankaziona tsiku lililonse, ndipo zinkawadya mumtima, koma m'nyumbamo munalibenso wokhala pansi kudikira kuti amalize chiganizo. Aliyense ankawamalizira mawu, kuwapukuta pakamwa n'kuthamangira zina. Asimbi anakhala pansi pasimenti, pafupi ndi mapazi a amuna awo, Chisamba ataima pakhomo. Mabulangete anagona m'madzi mpaka madzulo.

M'mawa mwake anapita kuchipatala. Namwino anawayeza magazi n'kupeza kuti akuthamanga ndithu, koma sanalekere pomwepo. Anafunsa za tulo, za chakudya, za amene amawathandiza kunyumba, ndiponso ngati pali tsiku limene anaganizapo kuti bola kungochoka padziko. Asimbi anazengereza, kenako anavomera kuti maganizo otero anawafikirapo kawiri ali m'minibasi. Aka kanali koyamba kuuza munthu. Namwino sanadzidzimuke. Anati zimenezi ndi matenda a nkhawa ndi kuvutika maganizo, amagwira anthu ambiri osamalira odwala, ndipo amachizika. Asimbi anafunsa motsitsa mawu ngati akutanthauza kuti ayamba misala. Namwino anati ayi, akutanthauza kuti galimoto yanyamula katundu wa magalimoto atatu, ndipo poti amuna awo ndi dalaiva akawafunse chimene chimachitikira matayala. Anawapatsa mankhwala a magaziwo, n'kuwatumiza kwa mlangizi wa pachipatala pomwepo.

Mlangiziyo anali bambo wodekha wa magalasi okhuthala, womvetsera kwambiri kuposa kuyankhula. Ulendo woyamba Asimbi anangolira ola lathunthu, n'kutuluka ndi manyazi, akuti sadzabweranso. Koma usiku umenewo anagona mpaka tambala, ndipo sabata yotsatira anabwerera. Mlangizi anawapempha kuti asimbe tsiku lawo kuyambira podzuka, ndipo pa ntchito iliyonse ankafunsa funso limodzi, ngati pangafe munthu ntchitoyo atagwira wina. Asimbi anadabwa kuona kuti zambiri sizikanapha aliyense. Mwambi woti mutu umodzi susenza denga ankaudziwa chibadwire, ankaunena ngakhale kwa anzawo, koma ankayesa kuti ndi wa anthu ena.

Chovuta kwambiri chinali kuitana abale. Anachedwa milungu iwiri akulemba uthenga pafoni n'kufufuta. Potsiriza, Lamlungu lina masana, pabalaza panakhala alamu awo aamuna, achemwali a Adalaiva, ndi mng'ono wawo wa Asimbi. Atamwa tiyi, Asimbi anaika kapu pansi.

"Ndakuitanani kuti ndikuuzeni kuti ndinkakunamizani," anatero. "Sitili bwino. Ine ndadwala maganizo, mwana wasiya sukulu ine osadziwa, ndipo pandekha sindingathe."

Achemwali a Adalaiva ananena kuti akazi akale ankasamala odwala popanda alangizi, ndipo matenda a maganizo ndi a anthu okhuta. Anatsazika msanga, osadzabweranso mpaka chaka chitatha. Koma alamu aja anagwetsa nkhope, amvekere iwo ankayesa kuti sakufunidwa, poti nthawi zonse ankabwezedwa pakhomo ndi mawu oti zonse zili bwino. Anali ndi kagalimoto kakale konyamulira matabwa, ndipo analonjeza kumatenga achimwene awo kawiri pasabata kupita ku mafizo, kumene amaphunzitsa ziwalo zofooka kugwiranso ntchito. Mng'ono wa Asimbi anatenga zochapa za Loweruka ndi kukatenga Mzime kusukulu. Mayi woyandikana nawo, atamva, anakalipa kuti bwanji sanauzidwe kale, n'kudzipereka kumasuzumira Adalaiva masana.

Lolemba Asimbi anapempha chilolezo kuntchito n'kupita kusukulu ndi Chisamba. Aphunzitsi, mayi wachikulire wa choko m'zala, anamvetsera nkhani yonse osadula. Kenako anatsegula kaundula n'kunena zoona zake: mayeso omaliza atsala miyezi inayi, mwanayo ndi wanzeru, koma masamu wasiyidwa kutali, ndipo mwina n'kwabwino abwereze kalasi. Asimbi anali pafupi kuvomera. Mwadzidzidzi anakumbukira kuti mwini nkhani ali pomwepo, n'kumufunsa maganizo ake. Chisamba anati akufuna ayesere chaka chomwecho, akalephera adzabwereza popanda kudandaula. Aphunzitsi anamupatsa mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, mtolo wonenepa womanga ndi mphira.

Madzulo ake mtolo uja uli patebulo, Asimbi anauyang'ana n'kusowa pogwira, poti iwo masamu anasiyana nawo kalekale osatsazikana. Adalaiva anakodola Chisamba kuti awerenge funso loyamba. Linali la galimoto yochoka mumzinda wina nthawi yakuti, pa liwiro lakuti, ndipo ankafuna nthawi yofikira. Mwanayo asanamalize kuwerenga, Adalaiva anatchula yankho. Chisamba anayang'ana kumapeto kwa pepala, linali lomwelo. Zaka makumi awiri za mtunda, mafuta ndi nthawi zinali zikadali m'mutu, sitiroko sinazikhudze.

Kuyambira tsiku limenelo chitseko cha kuchipinda cha ana chinasanduka bolodi. Adalaiva ankalembapo ndi choko, ndi dzanja lamanzere, manambala opindika ngati papalasa nkhuku. Mzime anaseka mpaka kugwa, amvekere iye wa kalasi yoyamba amalemba bwino kuposa ababa. Adalaiva anamuuza kuti apikisane, ndipo tsiku lililonse awiriwo ankalemba mzere umodzi aliyense, Chisamba n'kumachonga. Mzime ankapambana, koma mpata unkachepa. Pofotokoza masamu Adalaiva ankakakamizika kuyankhula, ndipo Chisamba anaphunzira kudikira mpaka chiganizo chithe. Mawu anayamba kubwera awiriawiri, kenako mzere wathunthu.

Kwa Asimbi mayeso awo anali pa tebulo lodyera. Tsiku loyamba limene Adalaiva anadzidyetsa okha, theka la tiyi linathera pa malaya. Manja a Asimbi ananyamuka okha kuti alande kapu, ndipo anachita kuwakhalira pampando kuti asasunthe. Adalaiva anamaliza, anaika kapu pansi, n'kuyang'ana onse ngati munthu amene wafikitsa basi pa depoti.

Sikuti zonse zinasintha tsiku limodzi. Panali masiku amene mutu unkabwerera, ndipo Asimbi ankapezeka akalipira Mzime chifukwa cha sokosi. Kusiyana kwake kunali koti tsopano ankabwerera kukakhala pabedi la mwanayo n'kupepesa, kumuuza kuti cholakwa si sokosi, amayi atopa. Mayi woyandikana nawo uja atamva anagwira pakamwa, amvekere chibadwire sanaonepo kholo likupepesa mwana. Mlangizi anawaphunzitsanso kumatsika minibasi siteji imodzi isanakwane yawo, kuti aziyenda pang'ono okha, ntchito itsale m'msewu asanalowe m'nyumba. Poyamba ankaona ngati kutaya nthawi. Pambuyo pake mphindi khumi zimenezo sankalola munthu kuzikhudza.

Kuntchito sanabise kumene ankapita akapempha chilolezo. Ena ankanong'onezana, koma nthawi ya chamasana anayamba kubwera mmodzimmodzi kudzakhala nawo pabenchi la kuseri. Wina mwana wake anasiya kuyankhula naye, wina amuna ake ntchito inatha. Tsiku lina Akapitawo omwe anakhala pamapeto pa benchi ndi mbale yawo, n'kunena mosayang'ana munthu kuti iwo anasamala amayi awo zaka zisanu ali okha, ndipo palibe anawafunsapo kuti ali bwanji.

Mayeso anafika, Chisamba analemba, ndipo kudikira kunayamba. Tsiku limene zotsatira zinamatidwa kusukulu, alamu anabwera ndi kagalimoto kawo, koma Adalaiva anakana kukwera. Anati ayenda. Anavala jekete lawo la kuntchito, anagwira ndodo, n'kuuyamba. Ulendo wa mphindi khumi ndi zisanu unatenga ola lathunthu. Asimbi ankayenda pambali, manja atapinda kumbuyo. Anthu a mumsewu, amene anali asanawaone Adalaiva akuyenda panja chaka chonse, ankatuluka m'mageti kudzapereka moni, ndipo ena anangotsatira. Pofika kusukulu anali gulu ndithu.

Pakhoma la ofesi panali khamu la makolo ndi ana. Chisamba anaima patali atagwira dzanja la Mzime. Anthu ataona bambo wa ndodo anapatuka. Adalaiva anayendetsa chala chamanzere pamndandanda, kutsika, kutsika, kenako chinaima. Anawerenga mokweza dzina la mwana wawo lonse, loyamba ndi la bambo, osadodoma ngakhale pamodzi. Anali atakhoza, ndipo anali pakati pa ana asanu ndi awiri osankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko. Aphunzitsi anatuluka mu ofesi kudzawauza kuti phunziro limene anakhoza kwambiri ndi masamu. Asimbi anamunyamula Chisamba, mtsikana wowaposa kale msinkhu, n'kuzungulira naye kawiri pamaso pa anthu onse. Pobwerera Adalaiva anavomera kukwera galimoto, koma anakhala kutsogolo, akuwongolera mng'ono wawo kasinthidwe ka magiya njira yonse.

Dzanja lamanja silinabwerere, ndipo basi sanayendetsenso. Koma mbiri ya masamu inafalikira, moti chaka chotsatira pakhonde pawo pankakhala ana asanu ndi atatu masana alionse, makolo awo akuthokoza ndi kangachepe. Mzime anasiya za pansi pa tebulo, anasanduka wolongolola wa m'nyumbamo. Asimbi anapitiriza kukaonana ndi mlangizi kamodzi pamwezi, ngakhale pamene ankamva bwino.

Pa msonkhano wa makolo wa chaka chimenecho, aphunzitsi aja anawapempha kuti ayankhulepo. Asimbi anakana kawiri, kachitatu anaimirira. Sananene zambiri. Anasimba za makalata atatu osatsegula, ndi za miyezi iwiri imene mwana wawo ankachapa mabulangete anzake ali m'kalasi. Anati mwana amawerenga nkhope ya kholo asanawerenge buku, ndipo kholo likadwala mumtima lipite kuchipatala monga lipitira likathyoka mwendo. Ena anaomba m'manja, ena anangoyang'ana pansi.

Akutuluka pageti la sukulu, bambo wina wa tayi ndi nsapato zonyezimira anawatsatira. Anayamba ndi kuyamikira mawu awo, anakamba za kutentha kwa dzuwa, anayang'ana uku ndi uku. Kenako anafunsa motsitsa kuti mlangizi ameneyo amapezeka pati, ati akufunsira mnzake.

"Mukalowa pachipatala, khomo lachitatu kumanzere," anatero Asimbi. "Mnzanuyo mumuuze alawirire, mzere umatalika."

Bamboyo anatulutsa cholembera m'thumba la jekete n'kulemba padzanja.